Malipenga akalire pakhomo pa agogo ku Chisenga

Nkhani ya lero ndi ya inu agogo athu amene mwatchera khutu ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, ndi m'midzi yonse ya mumsewu wochoka pa boma la Chitipa kulowera ku Wenya ndi ku Nthalire.  Tikamba za malipenga ndi zitoliro, ndi za anthu amene zida zimenezi ziyenera kuwalirira.

Kumayiko ena, monga ku America, kuli midzi yomangidwira anthu opuma pantchito okhaokha. M'mayunivesite a kumeneko muli magulu a ophunzira oimba zida zouzira zokhazokha, malipenga amkuwa aakulu ndi aang'ono, zitoliro, masakisofoni, ndipo n'chizolowezi chawo kunyamula zidazo kukaimbira okalamba aja komwe akukhala. Wophunzira amazolowera kuima pamaso pa anthu, gogo naye nyimbo imamupeza pakhomo poti miyendo inayamba kukana. Ine nyumba zawozo sindizisirira. Gogo wa ku Chisenga malo ake ndi pakhomo pake, pakati pa zidzukulu, pafupi ndi nkhokwe yake ndi manda a makolo ake. Chimene ndimasirira n'chakuti mnyamata wodziwa kuliza lipenga amadziwa kuti ali ndi ngongole kwa munthu wokalamba, ndipo amapita kukaibweza. Ife ngongole imeneyi tili nayo yaikulu kuposa iwo, chifukwa kumpoto kuno lipenga linalowa m'mudzi kudzera mwa makolo a agogo omwewa.

Tibwerere ku 1914. Pa 9 Seputembala chaka chimenecho, asilikali a Ajeremani anamenyana ndi a King's African Rifles pa Karonga. Kuyambira pamenepo malire onse a kumpoto, kuchokera kunyanja, kudutsa pa Fort Hill pamene lero pali boma la Chitipa, mpaka ku Fife ndi ku Abercorn m'dziko lomwe tsopano ndi Zambia, anasanduka mzere wa nkhondo. Mu 1916 General Edward Northey anaolotsa asilikali ake malire amenewa kulowa m'dziko limene Ajeremani ankalamulira, ndipo ufa wawo, zipolopolo zawo, mahema awo, zonse zinayenda pamitu ya makolo athu. Melvin Page, amene anayenda m'midzi kucheza ndi otsala a nkhondoyo n'kulemba buku lotchedwa The Chiwaya War, akusonyeza kuti amtengatenga ochokera m'dziko muno anali pafupifupi 200,000. Ngakhale kumapeto kwenikweni, kuchiyambi kwa Novembala 1918, gulu la asilikali a Ajeremani la von Lettow-Vorbeck linaombera pa Fife, kufupi ndi Nakonde, lisanakatule zida ku Abercorn pa 25 mwezi womwewo. Anthu a ku Chitipa nkhondo imeneyi sanachite kuuzidwa. Inadutsa kuseri kwa nyumba zawo.

Ambiri sanabwerere. Amene anabwerera anafika ndi zilonda za m'mapewa ndi njala m'thupi, koma m'makutu mwawo munatsala kulira kwa lipenga la msilikali, lodzutsa mbandakucha, loitanira ku perete, logoneka anthu madzulo, pamodzi ndi mgugu wa ng'oma yaikulu ya bandi. Terence Ranger, m'buku lake la mu 1975 lotchedwa Dance and Society in Eastern Africa, analondola mmene gule wotsanzira perete anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere monga Mombasa ndi Lamu cha m'ma 1890, n'kufalikira kumtunda ndi asilikali komanso anthu a paulendo wa ntchito. Kwathu kuno anasanduka beni kwa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga, mganda ku Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi kwa Atumbuka, malipenga kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi pa Likoma, ndi mapenenga ku Karonga ndi kuno ku Chitipa. Lipenga lamkuwa analibe ndalama zoligulira. Anapita kumunda kukathyola mphonda.

Amene simunaonepo lipenga la mphonda likupangidwa, mvetserani. Mkulu amasankha mphonda ya khosi lalitali, yokhwima bwino, youma mpaka njere kumachita phokoso m'kati. Amadula kumimba kwake kuti mawu azitulukira, n'kukokota zam'kati zonse ndi kampeni mpaka musalale. Kukhosi kuja amadulako nsonga, kenaka m'mbali mwa khosilo amaboola kabowo koikapo milomo. Tsono pansonga paja ndiye pagona luso. Amamatapo kansalu koyera, kopyapyala, kamene kangaude amakutira mazira ake m'makoma a nyumba ndi kudenga, n'kukagwiritsa ndi phula. Masiku ano ambiri amangoikapo kapepala ka pulasitiki, ndipo akuluakulu amakuuzani kuti mawu ake safanana. Kansaluko kakakungika kwambiri lipenga limatsamwa, kakakhwepa limangopuma mphepo. Woliza sauzira mpweya chabe ngati mmene achitira ndi lipenga lamkuwa, limene limalira chifukwa cha kunjenjemera kwa milomo. Iye amaimba nyimbo ndi kukhosi kwake m'kabowo kaja, kansalu n'kumanjenjemera, mphonda n'kukuza mawuwo. Mphonda zing'onozing'ono zimatenga mawu okwera, zikuluzikulu zimagwira besi. Anthu khumi ndi awiri akaima pamzere, aliyense ndi yake, ng'oma yaikulu ya gunda n'kugunda kumbuyo, mumamva bandi yathunthu, yokhala ndi otsogola ndi oyankha, yopangidwa ndi zinthu za m'munda ndi za kudenga.

Ndipo gule ameneyu ali ndi dongosolo lake. Gulu lililonse limatchedwa boma, lili ndi Kingi wake, Kapiteni, dokotala ndi maudindo ena. Amuna amavala zoyera mbee, kabudula wosita ndi simbi ya makala, masokosi ofika m'maondo, kampango m'manja kapena ndodo. Boma lina likabwera kudzapikisana, mudzi wonse umakhala pa kalikiliki, amayi kusinja mawere, kufulula chipumu, kukonza malo ogona alendo. Alipo amene amati uku kunali kusirira azungu, ena amati kunali kuwaseka. Ine ndimaona kuti anthu amene anasenzetsedwa katundu wa nkhondo ya eni anatenga perete uja n'kumusandutsa wawo, mmene Kingi ndi mwana wa m'mudzi momwemo ndipo palibe womenyedwa chikoti.

Amene anamenya nkhondo yachiwiri ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma atsala owerengeka, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 100. Agogo a ku Chisenga a lero ndi ana awo ndi zidzukulu za amtengatenga aja, obadwa m'ma 1940 ndi m'ma 1950. Ndiwo anavina pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964. Ndiwo ankabwera kuchokera ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Mufulira ndi nsapato zoyera m'sutikesi, zosungira tsiku la gule. Nyimbo zimene zili m'mitu mwawo sizinalembedwe paliponse.

Koma lero lipenga limalira liti, ndipo limalirira yani? Kawirikawiri limalira kukabwera bwana. Pa msonkhano wina wa chitukuko m'boma lino ndinaona madoda a mapenenga atafika m'mawa, atavala zoyera zawo, ena ndevu zili mbuu. Anawaimika kumbuyo kwa shedi, padzuwa, poti mipando inali ya alendo. Mmodzi anakhala pansi patsinde pa mtengo, atavula nsapato chifukwa mapazi anatupa, lipenga lake atalikulunga m'kansalu kuti fumbi lisalowe. Mlendo wolemekezeka anafika dzuwa litapendeka. Atawaitana kubwalo, asanamalize n'komwe nyimbo yolowera, woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu kuti nthawi yatha, agogo atuluke. Anatuluka mwaulemu, ali pamzere, osaphonya phazi. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Anthu amene anayenera kukhala pampando wa kutsogolo, achinyamata n'kumawavinira, ndiwo amene tinawasandutsa chokometsera msonkhano.

Pali china choopsa kuposa kukhalitsidwa padzuwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 234,927 m'boma la Chitipa. M'dziko muno anthu pafupifupi asanu pa 100 alionse ali ndi zaka 60 kapena kuposerapo, ndiye tikawerengetsa motero, boma lino lokha lili ndi okalamba oposa 10,000. Ambiri mwa iwo akulera ana amasiye. Ena amalandira Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, Chitipa n'kukhala limodzi mwa maboma oyambirira kulandira. Koma ndalama siichotsa mantha, ndipo gogo wa masiku ano amagona ndi mantha. Mwana akadwala mwadzidzidzi, mvula ikachedwa, mnyamata akagwa pa njinga yamoto, maso onse amatembenukira kukanyumba ka nkhalamba. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi mphenzi itapha mtsikana, ndipo nkhani zotere tazimvanso kumpoto kuno. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo bungwe la MANEPO lakhala likufuula za nkhanzazi kwa zaka zambiri. Malamulowo ndi abwino, koma wapolisi amafika nyumba itapsa kale.

Taganizirani za matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene madokotala amati dementia. Gogo amadzuka usiku osadziwa komwe ali, n'kuyenda, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni, mwina wosavala, akuyankhula zosamveka. Anthu amati wagwa paulendo wa ufiti. Chonsecho ndi ubongo umene watopa. Dokotala wa ubongo Oliver Sacks, m'buku lake la mu 2007 lotchedwa Musicophilia, anafotokoza za odwala otere amene anaiwala ngakhale mayina a ana awo, koma nyimbo ya paunyamata wawo ikalira amaitsatira mpaka kumapeto, nkhope n'kumasuka. Nyimbo siichiza matendawa, ndipo ndisanamize munthu. Koma mudzi umene waona gogo amene ankati wasokonezeka akuwongola msana, akukweza ndodo yake pa nthawi yeniyeni imene gunda wagunda, akudzudzula mnyamata amene waphonya besi, mudzi umenewo umakumbuka kuti uyu anali Kapiteni wa boma lawo. Munthu amene mwamuvinira pakhomo pake masana, mfumu ili pomwepo, n'kovuta kuti usiku mukamutenthere nyumba. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene ndikunenera kuti malipenga apite kwa agogo.

Tsono ndiyankhule ndi masukulu athu a ukachenjede. Ku University of Malawi ku Zomba akhala akuphunzitsa zoimba ndi zisudzo kwa zaka makumi angapo, ndipo aphunzitsi a kumeneko, Christopher Kamlongera ndi anzake, ndiwo analemba buku la magule athu lotchedwa Kubvina mu 1992. Ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, kuli Bingu School of Culture and Heritage komwe achinyamata amatenga digiri ya maimbidwe a mu Africa. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads. Pafupi pompano ku Karonga kuli Lusubilo, sukulu ya zoimba imene inayambitsidwa ndi mayi wa ku Korea, Agnes Kim, ndipo anyamata ake dziko lonse linawadziwa chifukwa cha malipenga ndi masakisofoni awo. Asilikali ndi apolisi ali ndi mabandi a malipenga amkuwa. Chaka chilichonse mu Novembala lipenga limalira pa chipilala cha King's African Rifles ku Zomba, ndipo asilikali akale amene amasungidwa kufupi ndi Cobbe Barracks amalimva. Izi n'zoyenera. Koma mdzukulu wa mtengatenga wa ku Chisenga, amene agogo ake anasenza katundu wa nkhondo yomweyo, lipenga limenelo silinamufikepo.

Ndikudziwa chimene a masukuluwa angayankhe. Kuchoka ku Zomba kufika ku Chisenga ndi makilomita pafupifupi 1,000, masiku awiri pamsewu, ndipo ukachoka pa tara wa Karonga ndi Chitipa umalowa m'fumbi, nthawi ya dzinja m'matope. Mafuta ndi odula. Zoona. Koma mabasi a masukulu omwewa amayenda mitunda yotere kukasewera mpira, ndipo ophunzira amatumizidwa kumidzi kukachita kafukufuku chaka ndi chaka. Hugh Tracey anachoka ku South Africa ndi makina ake olemera mu 1950 n'kudzajambula nyimbo za kumpoto kwa dziko lino, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa ku Rhodes University. Ngati mlendo anakwanitsa pa misewu ya nthawi imeneyo, mwana wa m'dziko momwemuno alephera bwanji lero? UNESCO inazindikira gule wa mwinoghe wa Asukwa, Andali ndi Abandya a m'boma lino mu 2018. Wophunzira zoimba amene wamaliza digiri osamvako ng'oma za ku Chitipa ndi makutu ake maphunziro ake ali ndi chibowo.

Ndipo ophunzirawa akabwera asabwere ngati opereka thandizo. Aimbe kaye zawo, agogo amve mmene lipenga lamkuwa limalirira pafupi, aligwire, aone mabatani ake atatu, ayese kulemera kwake. Aimbe nyimbo zimene okalambawa amazidziwa, za m'tchalitchi, za paukwati, za nthawi ya ufulu, osati zongoonetsa luso la zala. Akatero akhale pansi, agogo atulutse mphonda zawo. Wophunzira wa sakisofoni ayese kutsatira mawu a lipenga laling'ono, wa lipenga lalikulu agwire besi pamodzi ndi madoda. Adzapeza kuti kulowa ndi kutuluka kwa mawu m'mapenenga kuli ndi malamulo ake, ndipo wowadziwa ndi mkulu wovala sikipa yong'ambika uja. Ajambule, alembe mayina a nyimbo ndi a eni ake, ndipo akabwerera atumize zojambulazo kumudzi, chifukwa anthu atopa ndi ofufuza amene amatenga n'kuzimiririka.

Pali tizinthu ting'onoting'ono timene wokonza mwambo wotere ayenera kusamala, ndipo ndi timene timasonyeza ngati ulemuwo ndi weniweni. Chisenga n'kumtunda, mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, ndiye gogo simungamukhazike pabwalo m'mawa. Nyengo yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, anthu atakolola, misewu itauma, ndipo 1 Okutobala ndi tsiku la okalamba padziko lonse, limene United Nations inakhazikitsa mu 1990. Mwambo uyambe pa nthawi yake ndipo usatalike. Mipando ya kutsogolo, yamumthunzi, ikhale ya agogo, bwana aliyense akhale kumbuyo kwawo. Zoyankhulayankhula zichepe. Lipenga lamkuwa lili ndi mawu amphamvu, ndiye oliza aime patali pang'ono, asalozetse kukamwa kwa lipenga m'khutu la munthu. Madzi akumwa akhalepo, thobwa likhalepo, chimbudzi chikhale pafupi. Ndipo pali agogo ena amene sangafike n'komwe pabwalo, amene akhala chigonere miyezi. Amenewo ndiwo oyamba. Anthu anayi kapena asanu apatuke, akagogode, akapemphe chilolezo kwa eni khomo, akaimbe nyimbo ziwiri pakhonde motsitsa mawu.

Komabe sindikufuna kuti anthu a ku Chisenga akhale manja lende kudikira basi yochokera ku Zomba kapena ku Thyolo. Mwina ibwera, mwina ichedwa. Malipenga enieni a nkhaniyi ali kale m'midzi, ena apachikidwa kudenga, adetsedwa ndi utsi. Inu aphunzitsi aakulu a masukulu a pulayimale ndi a sekondale, itanani madoda awiri Lachisanu masana adzaphunzitse ana kuboola mphonda ndi kumata kansalu. Inu a kwaya za CCAP, za Katolika ndi mipingo ina, mumayenda kale kukaona odwala, ndiye tengani ndi oliza malipenga. Inu mafumu athu, a gulupu ndi anyakwawa, mawu anu ndi amene amatsegula bwalo. Mukanena kuti mwezi uno boma la mapenenga likavinira agogo akutiakuti pakhomo pawo, inu n'kukakhala nawo pamphasa, mudzi wonse udzamva uthengawo popanda kuulalikira. Ndipo amayi okalamba asatsalire, pakuti ndiwo ankafulula, kulandira alendo, kululutira ndi kupukuta thukuta la ovina, ndipo nyimbo zambiri amazisunga ndi iwo.

Inu anyamata a kabaza ndi a pamsika, amene foni zanu zadzaza nyimbo za ku Tanzania ndi ku Zambia, palibe akukuletsani zimenezo. Koma pitani kwa agogo anu sabata ino mukawafunse kuti boma lawo linkatchedwa chiyani, Kingi wawo anali yani, ankapikisana ndi midzi iti, iwo ankagwira lipenga liti. Mukafunsenso amene akusungabe mbewu ya mphonda za khosi lalitali, chifukwa zayamba kusowa m'minda. Zikabzalidwa ndi mvula yoyamba ya Disembala, pofika Ogasiti zimakhala zitauma, zokonzeka kuboola, ndipo mwezi umodzi ndi wokwanira kuti gulu la anyamata khumi liphunzire nyimbo zitatu zoti likaimbe pa 1 Okutobala.